Tsiku Limene Wailesi Inapha Lemuel Gantt

Lemuel Gantt anafika ku Kansas City ndevu zikungomera kumene, atanyamula kasutikesi komanga ndi chingwe, m'mutu mwake muli nyimbo za m'tchalitchi zokhazokha. Kwawo kunali ku Arkansas, kumene bambo ake ankalima thonje m'munda wa eni, mayi ake n'kumatsogolera kwaya Lamulungu. Mumzinda anapeza ganyu yotsuka mbale pa malo ena odyera a mu msewu wa Vine, ndipo masana anthu akachepa ankapukuta manja n'kukhala pa piyano yakutha imene inali pakona. Apa ndi pamene anamupeza Hosea Crume, mnyamata wansangala woimba thiromboni, lipenga lalitali lokoka lija. Hosea anamvetsera uku akutafuna buledi wake, kenaka anamuuza kuti dzanja lake lamanzere linali la dikoni koma lamanja linali la chidakwa, ndipo tsiku limene manja awiriwo adzagwirizane mzinda wonse udzavina. Kuyambira pamenepo sanamutchulenso dzina lina koma Dikoni.

Manjawo anagwirizanadi. Zaka za m'ma 1930 zisanathe, Lemuel anali ndi bandi yakeyake, imene anthu ankaitcha Atambala chifukwa malipenga ake akati alire pamodzi ngakhale wogona tulo tofa nato ankadzambatuka. Masiku amenewo nyimbo zovina zotchedwa swingi zinali zitagwira dziko, ndipo holo iliyonse kuyambira ku Texas mpaka ku Nebraska inkafuna bandi yaikulu. Lemuel sanali munthu wophweka. Wochedwa poyeserera nyimbo ankamubweza pakhomo, wa nsapato zosapolisha sankakwera naye pa nsanja. Koma polemba nyimbo ankalembera munthu, osati chida. Ankadziwa pamene mpweya wa aliyense umathera, pamene wina amachita mantha, ndi pamene wina amafuna kudzionetsera. Mbali zotsekemera zinkapita kwa Hosea, chifukwa thiromboni yake inkatha kuseka, kunyogodola ndi kudandaula ngati munthu.

Nyimbo imene inawatchukitsa inali ya "Odessa, Tsegula Zenera," imene Lemuel anapeka pofunsira mkazi wake. Odessa ankakonda kunena kuti anamulola pongofuna kuti anthu oyandikana nawo apume. Hosea naye anakwatira Verdell, mayi wokonza tsitsi, ndipo mabanja awiriwa anapeza nyumba zoyang'anana mu msewu umodzi. Amuna akalowa m'basi kupita kokaimba, akaziwo ankadyera pamodzi, kupita kutchalitchi pamodzi, n'kumaitanana kuti achemwali ngakhale panalibe chibale.

Chaka cha 1941, chisanu chikutha, Atambala anali ku Tulsa, ndipo kumeneko dzino lakumapeto linamugwira Lemuel. Anayesa mchere, anayesa kachasu wa woimba ng'oma, koma m'mawa wa tsiku lonyamuka kupita ku Omaha tsaya lake linali litatupa ngati wabisa dzira m'kamwa. Anafikabe pa basi atanyamula zovala zake, akulamula anthu ndi manja chifukwa kukamwa kunali kutakana.

"Dikoni, nkhope imeneyo ukakwera nayo pa nsanja atsikana athawa," anatero Hosea. "Tsala akalizule, utipeza pa sitima. Kandodo kakoko nanenso ndikhoza kukagwedeza, si ufiti ayi."

Lemuel anakana kaye, kenaka ululu unamulankhulira. Anapereka kandodo kotsogolera nyimbo pamodzi ndi jekete yake. Oimba onse ankavala zakuda, ndipo jekete yoyera inali ya mtsogoleri yekha. M'kati mwake Odessa anali atasokamo dzina la mwamuna wake ndi ulusi wofiira. Kunja kunali kamphepo, choncho Hosea anaivala pomwepo, n'kuyamba kuyenda monyada m'mbali mwa basi, akukwinya nkhope ndi kuyang'ana nsapato za anzake monga mmene mwini jeketeyo ankachitira. Anyamata anafa nako kuseka. Polowa anakakhala pa mpando wakutsogolo pafupi ndi dalaivala, umene unali wa Lemuel, ndipo basi inanyamuka akugwedeza kandodo pawindo.

Dokotala wa mano anali bambo wachikulire, a Whitlow, amene ankagwira ntchito m'kachipinda kapamwamba pa sitolo ku Greenwood, dera la anthu akuda. Ataona tsayalo sanafunse n'komwe dzina. Anangoloza mzere wa odikira, ndipo dzuwa linafika pamutu Lemuel asanakhale pa mpando. Pawindo panali wailesi imene a Whitlow ankaisiya ikulira kuti odikira asamve kubuula kwa anzawo. Dzinolo linavuta, linatuluka zidutswazidutswa. Pomaliza anamudzaza thonje m'kamwa n'kumuuza kuti alume ndipo asalankhule.

Ndi pamene nyimbo inaduka pa wailesi. Muulutsi ananena kuti m'mawa womwewo sitima ya katundu yawomba basi ya oimba pa mphambano ya njanji m'dera la Kansas, ndipo mwa omwalira muli Lemuel Gantt, mtsogoleri wa Atambala ndi mpeki wa nyimbo. Anawerenga maina ena: woimba ng'oma, anyamata awiri a malipenga, woimba sakisofoni amene anali atangokwatira kumene, ndi dalaivala. Anati ovulala atengedwa kupita kutali chifukwa chipatala chapafupi sichinkalandira anthu akuda. Kenaka, pokumbukira malemuwo, anaika mbale ya nyimbo ya "Odessa, Tsegula Zenera."

Lemuel anamva zala zake zomwe zikuyamba nyimbo pa piyano, anamva ng'oma zikulowa, ng'oma za munthu amene dzina lake linali litangotchulidwa kumene. Anayang'ana manja ake ali pa mawondo. A Whitlow, amene ankatsuka zitsulo zawo, anapukusa mutu n'kunena kuti tsoka silinunkha, ndipo atatembenuka anaona wodwala wawo akuloza wailesi, kenaka pachifuwa pake, kenakanso wailesi.

"Pepani bambo, munali ndi m'bale mmenemo?"

Lemuel analavula thonje lija pamodzi ndi magazi. Ananena dzina lake kawiri, dokotala osamva, mpaka anatulutsa chithunzi cha bandi m'chikwama. A Whitlow anayang'ana chithunzi, anayang'ana nkhope, kenaka anakhala pansi pa mpando wa odikira, chopanira chili m'manja.

Choyamba chimene Lemuel anaganiza chinali Odessa, amene anali ndi pakati pa mwana wawo woyamba ndipo masiku anali atayandikira. A Whitlow anamupatsa lamya. Kunyumba kwa Lemuel lamya inali yotanganidwa masana onse, pakuti mzinda wonse unkaimba kupepesa. Pamene inalowa, anayankha anali amalume ake a Odessa, a Elbert, mkulu wa mpingo wosamvetsa bwino khutu limodzi. Lemuel anayesetsa, koma ndi tsaya lotupa ndi lilime lolemera mawu ankatuluka ngati a munthu amene wamwa kuyambira dzulo.

"Kaya ndiwe yani, ulibe manyazi," anatero a Elbert. "Pakhomo pano pali zovuta. Ukaledzera uzikagona."

Anadula, ndipo kuchokera pamenepo lamya sinalowenso. A Whitlow anaimbira anthu a wailesi. Anawayankha kuti nkhaniyo yachokera kwa apolisi, ndipo munthu wotchuka akafa sipalephera amisala odzitcha kuti ndi iyeyo. Sitima ya tsikulo inali itapita kale. Dokotala anamutengera kwawo, mkazi wake anamuphikira phala la oti, koma silinatsike. M'mutu mwa Lemuel munkangobwerera maina aja, ndipo nthawi iliyonse akafika kumapeto ankapuma pang'ono, chifukwa dzina la Hosea munalibe. Anagwiritsitsa chimenecho ngati munthu wokokoloka amene wapeza muzu.

M'mawa anakwera sitima ya ku Kansas City atavala chikhoti chobwereka, chipewa atachitsitsira kumaso. M'chipinda cha anthu akuda, kuseri kwenikweni kwa injini, mayi wina amene anakhala naye pafupi anali ndi nyuzipepala. Patsamba loyamba panali basi itang'ambika pakati, ndipo pambali pake panali iyeyo akumwetulira, tsitsi litapesedwa bwino. Mayiyo ataona kuti akusuzumira anamupatsa kuti awerenge, n'kumuuza kuti paukwati wake anavina nyimbo ya malemuyo, ndipo kuti anthu abwino sakhalitsa. Lemuel anagwedeza mutu. Anatsika ndi maso mpaka pamene analemba kuti nkhope ya mtsogoleriyo sinali yozindikirika, koma apolisi anamudziwa ndi jekete yoyera yokhala ndi dzina lake m'kati.

Anawerenga mzerewo mobwereza. Dzulo lonse ankaganiza kuti wailesi yangolakwitsa, yatenga dzina lolembedwa pa basi n'kuliphatikiza pa akufa. Sizinamubwerere m'maganizo kuti pali thupi lenileni limene lagona penapake m'dzina lake. Anabweza nyuzipepala ija mwaulemu n'kudzuka pa mpando. Ulendo wonse wotsala anaima pakhomo la chipindacho, akuyang'ana minda ikudutsa.

Anafika mu msewu wa kwawo dzuwa litapendeka. Magalimoto anali ndondondo mbali zonse ziwiri, pakhonde pa nyumba yake panali mipando yobwereka kutchalitchi, ndipo m'kati amayi ankaimba nyimbo ya maliro imene mayi ake ankaikonda. Anayang'ana tsidya la msewu. Kwa Hosea kunali zii, makatani otseka, ndipo anaganiza kuti Verdell wapita kukafunafuna mwamuna wake m'zipatala. Anavula chipewa n'kukwera masitepe.

Woyamba kumuona anali a Elbert, amene ankalandira anthu pakhomo. Anatambasula dzanja monga ankachitira ndi aliyense, kenaka dzanjalo linauma m'malere. Amuna a pakhonde anaimirira mmodzimmodzi, wina anabwerera chambuyo mpaka kugwetsa mpando. M'nyumba nyimbo inayamba kuzima kuchokera kukhomo, mzere ndi mzere, mpaka kunatsala gogo mmodzi wotsinzina amene anamaliza vesi yekha. Patebulo panali nkhuku yokazinga, buledi wa chimanga, mbatata ndi maluwa, ndipo pakati pa maluwawo panali chithunzi chake atachimanga nsalu yakuda.

Odessa anali pa sofa. Pambali pake, atavala epuloni, atagwira mbale ya supu imene ankamukakamiza kumwa, panali Verdell.

Odessa anadzuka movutikira, dzanja lili m'chiuno. Anayenda pang'onopang'ono, anthu akumupatukira, mpaka anafika pomwe mwamuna wake anaima. Sanalire. Anamugwira pachifuwa, paphewa, kenaka patsaya lotupa lija, ndipo Lemuel atadzidzimuka ndi ululu, mkaziyo anachotsa dzanja n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Ndi dzino lija?" Lemuel anavomera ndi mutu. Apo Odessa anayamba kugwa, ndipo amayi anamuwakha asanafike pansi.

Phokoso linabuka. Ena ankalira, ena ankatamanda Mulungu, ena anathamangira panja kukauza a mumsewu. Verdell anaika supu pansi n'kumukumbatira Lemuel, akuseka misozi ili mbwembwembwe. Anamuuza kuti iye ankanena, Odessa osamva, kuti anthu a wailesi amanama. Anati chikwama chake walongedza kale, amangodikira kuti m'bale wake wa Odessa afike kuti iye anyamuke kukaona Hosea.

"Ndiye mwandipeputsira ulendo, alamu. Mwamusiya chipatala chiti? Wavulala kwambiri?"

Lemuel ananena movutikira kuti iye sanali m'basimo, anatsala ku Tulsa. Verdell anamusiya n'kubwerera pang'ono, akumwetulirabe, akuyang'ana chikhoti chachilendo chimene mlamu wakeyo anavala.

"Nanga poti akuti anakupezani mutavala jekete yanu," anatero Verdell. "Munali ndani m'jeketemo?"

Verdell anayang'ana Lemuel nthawi yaitali, kumwetulira kuja kukuchoka pang'onopang'ono ngati madzi olowa mumchenga. Kenaka anamasula epuloni, anaipinda bwinobwino, n'kuiika pa mpando. Anauza mayi wina kuti nyemba zili pamoto, asaiwale kuziphula. Anatuluka, anatsika masitepe, anawoloka msewu osayang'ana uku ndi uku, n'kulowa m'nyumba mwake. Patapita kanthawi kunamveka kulira kumene aliyense amene analipo sanakuiwale.

Anthu anayang'anizana, osadziwa kuti asangalale kapena alire. Gogo uja ndiye anayamba. Anatenga buku lake la nyimbo n'kuwoloka. Amayi ena anamutsatira atanyamula miphika, amuna ananyamula mipando ya pakhonde, a Elbert ananyamula maluwa atachotsapo chithunzi. Maliro onse anawoloka msewu, ndipo Lemuel anatsala m'chipinda chochezera ali chiimire, akumva nyimbo yomwe ija ikuyambanso tsidya.

Mabokosi anafika pa sitima, ndipo limodzi linali ndi kachitsulo kolembedwa dzina lake. Lemuel ndi amene anakalowa kukatsimikiza. Anamudziwa mnzake Hosea ndi chala chopindika chimene chinathyoka ali mwana, ndipo anaima pomwepo akuonerera mwini nyumba yosungira mitembo akumasula kachitsuloko. Sabata imeneyo anayenda maliro ndi maliro. Kulikonse kumene ankafika anthu ankatembenuka, ena ankafuna kumukhudza, ndipo akazi amasiye ankamulandira mwaulemu koma maso ali pansi. Pa maliro a Hosea anamupempha kuti aimbe piyano. Anakhala pa mpando, anaika zala, koma sanathe kutsindika ngakhale kamodzi, mpaka mayi wa kwaya anamugwira paphewa n'kukhala m'malo mwake.

Dothi lisanaume pamanda anabwera a Dunleavy, amene ankawapezera malo oimba. Anafika ndi nkhope yachisoni koma mapazi opepuka. Anati mbale ya "Odessa, Tsegula Zenera" yatha m'masitolo kuyambira ku Chicago mpaka ku New York, ndipo maholo amene kale sankayankha n'komwe tsopano akuchita kupempha. Anatambasula patebulo chipepala chachikulu cholengezera dansi. Panali Lemuel atavala zoyera, akutuluka m'mitambo, ndipo pamwamba analembapo kuti bwerani mudzaone munthu amene anauka kwa akufa. Lemuel anayang'ana chipepalacho, anayang'ana munthuyo, osakhulupirira kuti akunena zoona. Odessa, amene anali atangochira kumene ndipo anali ndi khanda m'manja, ndiye analankhula. Anawauza a Dunleavy kuti apinde chinthu chawocho atuluke nacho, ndipo akamadutsa pawindo la tsidya achibise m'khwapa.

Komabe ntchito ina Lemuel sankaidziwa. Chaka chisanathe anasonkhanitsa bandi ina, ena mwa opulumuka pamodzi ndi anyamata atsopano. Ankavala zakuda ngati wina aliyense ndipo ankatsogolera ali pa piyano. Wa thiromboni watsopano anali katswiri, sankaphonya, koma tsiku loyamba kuyeserera, atangoyamba mbali ya Hosea, Lemuel anaimitsa nyimbo n'kutuluka panja. Atabwerako anapereka mbalizo kwa sakisofoni. Anthu ankadzaza maholo, koma iye ankaona kuti ambiri sanabwere kudzavina. Ankaima kutsogolo kwa nsanja n'kumangomuyang'ana.

Verdell sanalitaye banja la Lemuel. Anamugwirira Odessa mwana pa ubatizo, ankamukonza tsitsi Loweruka monga kale. Koma Lemuel akalowa, iye ankapeza chifukwa chotulukira. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itafika ndipo ntchito zitatseguka kopangira sitima zapamadzi ku California, anagulitsa katundu wake nanena kuti akupita. Lemuel anamunyamulira masutikesi mpaka kusiteshoni, iye patsogolo, mayiyo pambuyo, osalankhulana. Atafika pa sitima Verdell anamugwira mkono.

"Alamu, musamaganize kuti ndimakuimbani mlandu. Munamubwereka chovala, basi. Koma mukamatsika masitepe m'mawa, ine ndili pawindo, mumaponya phazi ngati iyeyo. Zaka zonsezi sindinkaziona. Ndatopa n'kudzidzimuka."

Kondakitala anali akuitana kale. Lemuel anamukwezera masutikesi, ndipo mayiyo anamuuza kuti auze Odessa asamamuveke mwana zolemera kukatentha.

Nkhondo inatenga anyamata ake mmodzimmodzi, matayala ndi petulo zinasowa, ndipo itatha anthu anali atayamba kukonda oimba ndi mawu ndi timagulu ting'onoting'ono. Maholo akuluakulu anasanduka mosungira katundu. Atambala anaimba komaliza pa dansi ya masana ku Topeka, mu holo imene ovina ake sanadzaze ngakhale theka, ndipo basi yawo inagulidwa ndi mpingo wina. Lemuel anabwerera kunyumba. Ankakonzera ena nyimbo ali patebulo la kukhitchini, ndipo masana ankaimba piyano mu hotela ina ya m'tauni, kumene alendo ankamwa tiyi akucheza zawo. Anapekabe nyimbo mpaka ukalamba, zina zabwino ndithu, ndipo oimba achinyamata a mu msewu wa Vine ankabwera kudzamufunsa nzeru. Ankawalandira, ankawakonzera zolakwika, koma wina akayamba kufunsa za chaka cha ngozi chija, Odessa ankalowa ndi khofi n'kufunsa mlendoyo kuti kwawo n'kuti.